Diresi ya kwa dokotala

Amayi anga anandilera ndi lamulo limodzi: kuchipatala munthu sapita ali mbuu. Umasamba, kudzola mafuta, kutchena, ndipo wamkulu akakufunsa za moyo suyamba ndi madandaulo. Lamulo limeneli ndinafika nalo mpaka kuno kutsidya kwa nyanja, ku Scarborough, osalisintha.

Ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, kuwasambitsa ndi kuwadzutsa pabedi. Bipi ndinali nayo kuyambira kale, mankhwala ndinkamwa, koma inafika pogwira impso ndi maso. Ndikangowerama, chipinda chonse chinkazungulira. Tsiku lina ndinagwa m'bafa ndikusambitsa gogo wina. Iye sanavulale, koma ine ndinachita mantha. Ndinadziwa kuti ndikapitiriza ndidzagwetsa mayi wa eni ake, kapena sitiroko idzandipezera pantchito pomwepo.

Ndinapempha thandizo limene boma limapereka kwa anthu amene matenda awalepheretsa kugwira ntchito. Anandikana. Anati bipi ali nayo ambiri ndipo akugwira ntchito. Chimene iwo amafuna kudziwa n'chakuti yakulanda chiyani. Dokotala wanga, mnyamata waulemu ndithu, anali atalembera aboma zimene ankaona: mayi wansangala, wonena yekha kuti ali bwino. Ndinamukwiyira kwambiri. Kodi munthu wophunzira chotero sadziwa kuti "ndili bwino" ndi moni chabe?

Nditafotokozera mnzanga wa kutchalitchi, mayi wa ku Chipata wosadziwa kunong'ona, anati ulendo wotsatira wa kwa dokotala andiperekeza. Anafika m'mawa n'kundipeza ndikusita diresi yanga yachitenje nditakhala pampando, chifukwa kuimirira kunkandikanika.

"Imwe amai, muyenda ku wedding olo ku chipatala?" anandifunsa.

"Ndisiyeni, amake mwana. Ndikaoneke ngati ndilibe abale?"

Diresiyo ndinavalabe, ndi duku lake lomwe. Tinakwera basi.

Dokotala atandifunsa mmene ndinalili, pakamwa panga panayankha pokha kuti ndili bwino. Mnzanga uja anawomba m'manja kamodzi. "Doctor, ni boza. She is not fine. Amafeinta mu kitchen aba." Kenaka anakhuthula zonse m'Chingelezi: zoti ndimasamba nditakhala pansi, zoti sindikweranso masitepe a ku subway kokwerera sitima zapansi panthaka, zoti zilembo za pabotolo la mankhwala amandiwerengera ndi mdzukulu wanga. Ndinachita manyazi ngati wandivula chitenje pamsika.

Dokotala anasiya kompyuta yake, nakokera mpando pafupi. Sanandifunsenso za moyo. Anangoti ndimuuze mmene ndinavalira diresiyo m'mawa umenewo. Funso lotere lilibe yankho laulemu. Ndinamuuza kuti ndinapumira kangapo, ndipo pomanga duku ndinatsamira khoma. Kenaka ndinanena mawu amene ndinali ndisanawanenepo pamaso pa munthu: sindingathenso. Ndinalira, phoda yense n'kutsikira m'khosi.

Analembanso zonse, anawonjezera zotsatira za impso ndi za maso, ndipo patapita miyezi aboma anandivomera.

Masiku ano ndimadzuka thupi likafuna. Pakhonde langa, pamwamba penipeni pa nyumba yathu yosanja, ndadzala mpiru ndi bonongwe m'zidebe. Ndiwo ndimadya zopanda mchere, ndikung'ung'udza, ndipo mdzukulu wanga akandiona ndanyamula kanthu amangoti, "Agogo, sit down." Ndimakhaladi pansi. Mtima wanga uli m'malo, ndipo mnzanga wa ku Chipata ndinamukhululukira, ngakhale sanapepese.

Kutchalitchi ndimayankhabe kuti ndili bwino, chifukwa umenewo ndi moni. Kwa dokotala ndimatchenabe. Zopita ndili mbuu ndiye ayi. Koma akandifunsa, ndimamuuza zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Nthawi zina ndikamatuluka ndimaganiza kuti amayi akanandimva akanagwira pakamwa. Kenaka ndimakumbukira kuti iwowo inawatenga ndi bipi yomweyi, pamzere wa kuchipatala, atavala duku latsopano, atangomuuza namwino kuti ali bwino.