Chala cha Livinus

Livinus Deschepper ntchito yake inali yolawa zam'chimbudzi. Musaseke ayi. Ngalawa ikafika kuchokera ku Gent itasenza migolo ya zotapa m'zimbudzi za mumzinda, alimi a fulakesi, mbewu yopangira nsalu, sankagula asanamuitane, poti ogulitsawo ankaba pothiramo madzi. Iye ankangoviika chala, kuika palilime, n'kunena ngati manyowawo ali enieni. Anayamba ali mnyamata, mpaka imvi mbuu.

Amene ankaona zotsatira zake ndi mkazi wake, Pharailde. Njoka zam'mimba zinkatuluka mwa mwamunayo zotalika kuposa chikhatho. Ankamudyetsa adyo, kumumwetsa zowawa zamtundumtundu, koma ngalawa ina ikangokocheza, chala chomwecho. Ndipo alimi omwewo, opanda manyazi, kutchalitchi ankasendera kutali banjali likakhala nawo pafupi.

M'nyengo yodzala, Livinus anagwa pakhomo atagwira pamimba. Mawa lake mimba inali gwa ngati thabwa, thupi lili moto. Dokotala atamugwiragwira anaitanira Pharailde panja.

"Mayi, njokazo zaunjikana mpaka zaboola matumbo. Zoipa zatayikira m'kati. Itanani wansembe."

Wansembe asanafike, kunatulukira Vermeire, mlimi wolemera, atanyamula kamtsuko kovindikira.

"Pepanitu ndi matendawa, mayi. Komatu ngalawa ikunyamuka masana ano. Ndiye ndati ndisamuvutitse kuyenda, angolawa ali chigonere."

Pharailde anapsa mtima. "Inu lilime mulibe, a Vermeire? Kapena lanulo n'lonyozera anthu basi? Munthu akufa nazo zonyansa zanuzo, inu mwabwera ndi zowonjezera. Chokani ndisanakusambitseni nazo."

"Amake Zulma," anatero Livinus chapansipansi ali kuchipinda, "aloleni alowe."

Apa ndi pamene zinamuwawa koposa Pharailde. Mwamunayo nkhope inali itawala, kunyadira kuti bwana wamulondola mpaka kunyumba. Vermeire anavundukula kamtsuko uku mphuno atalozetsa kumbali, Livinus n'kukweza dzanja kuti aviike chala. Pharailde analigwira dzanjalo, nalipanikiza pabulangeti ndi mphamvu zake zonse.

"Tandisiya, mkazi iwe. Ukundichititsa manyazi pamaso pa anthu."

Sanamusiye. Vermeire anatuluka akung'ung'udza kuti akagula chogulagula.

Livinus anatembenukira kukhoma. Pharailde anakhala pambali pake mpaka dzuwa kupendeka, kumuitana dzina, kumunyowetsa milomo. Wansembe atabwera, Livinus anamuyankha bwinobwino. Koma kwa mkazi wake sanalankhulenso, anamwalira ali chikwiyire.