Gitala wa Kalisto m'munda wa mapira

Sikisi koloko isanakwane, Kalisto anali kale pansanja pakati pa mapira ake kwa Chapananga, gitala pamiyendo, batire la galimoto pambali. Mpheta zikangotsika mwaunyinji, ankakhwapula nsambo zonse pamodzi. Sipika inkabangula ngati malata akung'ambika, mbalame n'kumwazika.

Kale ankaimba kutchalitchi, gitala akulira mosalala. Tsiku lina anapotokola ampu yake yaing'ono, kabokosi kokwezera mawu, mpaka pothera, anamva mawu atasasa, akukanda m'khutu. Iye amafotokoza kuti mawu a gitala amayenda mu waya ngati mafunde. Ukawakankha kuposa mphamvu ya ampu, imawadula mitu. Otsalawo amatuluka okhakhala, ndipo nsambo imodzi imalira nthawi yaitali ngati zilipo zisanu. Akwaya anadana nazo. Koma mpheta, zimene zinazolowera zitini ndi malegeni, zinkaopa phokosolo. Zaka zitatu banja lake linadya mapira osagawana ndi mbalame.

M'mawa umenewo ng'ombe za Nicholas, mnansi wake, zinkadutsa m'mphepete mwa munda. Gitala atabangula, zinabalalika. Nkhunzi inagwera m'chigwembe n'kuthyoka mwendo.

Nicholas anabwera akuthyola mapesi, chikwanje m'manja.

"Tsika, iwe woimbira mbalame!"

"Achimwene, ikani kaye chikwanjecho tikambe."

"Ukakambe ndi nkhunzi yanga."

Nicholas anagwedeza nsanja mpaka Kalisto anagwa chagada. Anamuponda pachifuwa, n'kutembenukira sipika. Chikwanje choyamba chinang'amba pepala lakuda la m'kati mwa sipikayo. Chachiwiri chinkapita pa gitala, ndipo Kalisto anatchinga ndi dzanja lamanzere. Zala ziwiri zinatsala zikulendewera. Magazi anathovokera pansambo, pamalaya, pangala za mapira. Nicholas atawaona anataya chikwanje n'kuthawa, ndipo apolisi anakamugwira pamsika.

Kuchipatala zalazo anazichotsa. Kalisto anagonako masiku anayi, mpheta zikudya mbali yonse yakumadzulo ya munda. Mkazi wake ankaimba chitini mpaka mikono kutupa, mbalame osasuntha n'komwe. Kunatsala milungu iwiri kuti mapira akhwime.

Atatuluka sanafikire kunyumba, analunjika kumunda. Analumikiza mawaya ndi dzanja limodzi, n'kukhudza nsambo. Pepala long'ambika linkanjenjemera palokha, mawu akutuluka ngati macheka pachitsulo, oipa kuposa kale. Mpheta zinanyamuka mpaka za m'munda wachitatu. Koma dzanja lomangidwa silikanatha kudina nsambo, ndipo iye ankadziwa kuti kulira kumodzimodzi mbalame zidzakuzolowera.

Ine munda wathu ndi woyandikana ndi wa a Kalisto. Ndinapita kukawaona mwana wanga Praise ali kumbuyo, ndipo ndinawapeza akuyesa kutsetseretsa supuni pansambo kuti kulirako kuzisinthasintha, koma inkangogwa.

"Mayi a Praise," anatero, "sipikayi wina asayerekeze kuimata. Inu tandimangirani supuniyi pabandeji, mumange zolimba. Ndikakuwa musaleke."