Mlomo wa a Bizwick Namakhwa

Pa 14 Malichi 1956, munthu wotsuka zilonda pa kachipatala ka esiteti ya tiyi anazula dzino la a Bizwick Namakhwa ngati akuzula chitsa m'munda. Linali dzino lakumapeto, m'munsi, kumanzere. Anagwedeza mpaka linathyoka, n'kuwapatsa madzi amchere kuti avumate. Ululu unatha, koma theka la mlomo wam'munsi ndi chibwano zinachita dzanzi, ndipo dzanzilo silinachoke.

Kwa munthu wina ikanakhala nkhani yaing'ono, koma a Namakhwa mlomowo ndiwo unkawadyetsa. Anabwera ku Thyolo ali kumsana kwa mayi awo kuchokera kudziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, anayamba ndi kupalira tiyi, ndipo zaka makumi awiri anazithera m'chipinda chapamwamba cha fakitale, momwe amayanikamo masamba kuti afote. Anzawo ankayesa tsamba polifinya m'manja. Iwo ankalikhudzika pamlomo, n'kunena kuti, "Ili lidikire ola limodzi," ndipo sankaphonya.

Sabata yachiwiri chizulireni dzino lija anatsitsira kumakina masamba osafota, tiyi wa tsikulo n'kuwonongeka. Kapitawo anawapeza dovu likutsika pachibwano iwo osadziwa.

"Kachasu m'mawa uno, a Namakhwa? Bwanji osatigawirako?"

"Ine ndine mkulu wa mpingo, bambo."

"Mpingo wake uti, wotsika dovu?"

Bwana wa esiteti sanafunse zambiri, analemba kuti ndi chidakwa. Pa esiteti wochotsedwa ntchito ankachotsedwanso pamalo. Anawapatsa masiku makumi atatu kuti asiye nyumba, chimanga chosacha, ndi manda a ana awo awiri.

Akazi awo, a Eneless, ndiwo anawakokera ku chipatala chachikulu, ulendo wapansi wa tsiku lathunthu. Kumeneko anapeza wothandiza dokotala, a Winston Mpulula, munthu wamfupi wosapupuluma.

"Tsinzinani, bambo. Mukamva kanthu mukweze chala."

Anawakhudza ndi thonje, kenako ndi singano, kuyambira kukhutu kutsika pang'onopang'ono. Pamene chala chinasiya kukwera ankadontheza jivi, mankhwala opaka pazilonda aja, mpaka malire a dzanzi anaoneka pachibwano.

"Mkati mwa fupa la nsagwada mumadutsa mtsempha womvera, pansi penipeni pa mizu ya mano," anatero a Mpulula. "Muzu wotsala uja ukuupsinja. Ngati sunaduke, udzuka. Sindikulonjezani."

Anawabaya jekeseni, nachotsa muzuwo mosamala. Anawalangiza kuti tiyi aziyamba amuyesa ndi chala, ndipo akadya a Eneless aziwaona ngati sanadzilume.

Lolemba lotsatira a Mpulula anapalasa njinga mpaka ku ofesi ya esiteti, ngakhale sinali ntchito yawo. Bwana akuona, a Mpulula anabaya mlomo wa a Namakhwa mbali yadzanzi mpaka kadontho ka magazi kanatuluka, mwiniwake osaphethira. Atabaya mbali yabwino, bamboyo analumpha.

"Mowa suledzeretsa theka la mlomo, bwana. Wawapweteka ndi munthu wanu wozula mano."

Bwana anafiira khosi lonse, koma anang'amba kalata yochotsa a Namakhwa pamalo. Chimanga chija a Namakhwa anakolola okha. Anawapatsa tsache kuti azisesa m'fakitale, ndipo anasesa osadandaula.

Mwezi uliwonse ankabwerera kukajambulitsa malire, ndipo ankapeza kuti achepa. Mwezi wachinayi anayamba kumva ngati nyerere zikuyenda pachibwano. A Mpulula anaseka. "Zisiyeni ziyende, bambo, zikugwira ntchito yanga."

Mwezi wachisanu anapita ndi tambala m'manja, napeza munthu wina pampando. Anangowauza kuti a Mpulula anasamutsidwa, esiteti itadandaula. Kupima kotsala anachita ndi a Eneless pakhonde, ndi singano yosokera ndi kabotolo ka jivi. Chaka chisanathe a Namakhwa anabwerera kuchipinda chapamwamba. Patsala kamalo kochepa ngati chikhadabo komwe sikamva mpaka lero, choncho tsamba amaliyesera kumanja.

Tsopano papita zaka zisanu ndi chimodzi. A Namakhwa akali m'nyumba yomweyo, ndipo Lamulungu lililonse amatchula a Mpulula m'pemphero, koma sanapezebe mpata wonena zikomo pamaso pawo. Makalata anayi apita kwa akulu a zachipatala, onse osayankhidwa. Inu amene munasaina kalata yosamutsa a Mpulula, munthu ameneyu munamutumiza kuti, ndipo analakwa chiyani? Yankhani.