Njinga ya a Timoteyo siigonekedwa

A Timoteyo anafika ku Mkanda ali mnyamata, atakwera lole ya matenanti kuchokera ku Phalombe. Chaka chimene fodya anawayanja sanagule bulangete kapena wailesi ngati anzawo. Anagula njinga yakuda ya kaliyala wolimba. Pa kaliyala ameneyo ndi pamene anakwezapo akazi awo, a Anasi, tsiku lokawatenga kwawo. Pambuyo pake panakwera matumba a mtedza, mbuzi, ana odwala malungo, ngakhalenso chitseko cha tchalitchi. Atasiya utenanti n'kukhazikika kumudzi kwa akazi awo, anthu ankawadziwira ku belu asanawaone n'komwe.

Munthuyu anali wouma mutu, tisabise. Maso atayamba kuchita chifunga, iwo ankati ndi fumbi la fodya, litha lokha. Silinathe. Ng'ala inakhwima m'maso onse awiri mpaka tsiku lina anakagwera m'ngalande pamodzi ndi thumba la chimanga, ndipo a Anasi anawaletseratu kupalasa. Komabe m'mawa uliwonse ankaitulutsa njingayo, kuipukuta, kupopa matayala, n'kuitsamiritsa pa mtengo wa mango ngati ali ndi ulendo.

Mwana wawo Fanuel ankayendetsa takisi pakati pa boma ndi boda. Tsiku lina anabwera ndi uthenga wakuti madokotala a maso afika ku chipatala cha ku boma, ndipo sakhalitsa.

"Bambo, ng'ala imachotsedwa. Ndidzakutengani pa galimoto."

"Ndipita," anatero a Timoteyo, "koma njinga yanga ipite nawo."

"Mukaitani njinga kuchipatala?"

"Ndikabwerere pa chiyani?"

Fanuel anaseka, koma mayi ake sanaseke. Ankakumbukira zaka zija matenda atavuta, pamene achinyamata ankachoka m'mudzi atakhala m'kati mwa galimoto n'kubwerako ali pamwamba pake, m'bokosi lomangidwa ndi zingwe. Esnart, mwana wawo wachisamba, anabwera choncho. Kuyambira pamenepo a Timoteyo ankaopa galimoto, ngakhale kuti mawu akuti mantha sakanatuluka pakamwa pawo. Kwa iwo munthu wopita ndi njinga yake ndiye anali ndi ulendo wobwerera.

Mu buti njingayo inakana kulowa. Choncho Fanuel, pofuna kusangalatsa bambo ake, anapita kwa Lameki, wowotcherera zitsulo wa pa Mkanda, n'kumangitsa kaliyala wamkulu pamwamba pa galimoto. Sanafunse munthu. Achinyamata amatero, ukawapempha madzi amakubweretsera mtsinje. Analowa m'mudzi pang'onopang'ono chifukwa cha maenje, ndipo amayi amene ankasenda mtedza pakhonde lina anaimirira, wina atagwira kale pakamwa.

A Timoteyo anatuluka, napapasa galimotoyo kuyambira ku chitseko mpaka manja anafika pa chitsulo. Anachitsata m'litali, nachitsatanso m'lifupi. Kenaka anabweza manja n'kuwapukutira ku malaya.

"Ichi wachiyeza ndi msinkhu wa ndani?"

"Ndi chonyamulira njinga, bambo. Tiigoneka apa, tiimanga bwinobwino."

"Njinga yanga siigonekedwa. Mlongo wako anagona pa chotere." Analowa m'nyumba. "Pita wekha. Maso ndi anga."

Fanuel anaima pabwalo manyazi atamugwira, ndipo mtima unamuwawa chifukwa tsiku la Esnart iyeyo ndiye anamanga zingwe. Anamasula kaliyala uja yekha, nakamuponya kuseri kwa nkhokwe. Mayi ake ndiwo anapeza nzeru. Anati munthu wokana chimene wamusankhira umusiye asankhe yekha, adzasowa womukanira.

M'mawa mwake Fanuel anapalasa njinga ija kupita kwa Lameki, bambo ake atakhala pa kaliyala ngati mkwatibwi, akudandaula njira yonse kuti mwanayo sadziwa kuzemba mchenga. Lameki anawapatsa mpando, iwo anakana. Anati awapatse zitsulozo m'manja.

Choyamba chinali chaching'ono, chofuna kuti tayala lakutsogolo lichotsedwe. "Ndiye mukuti muidule mwendo," anatero a Timoteyo, n'kuchikankha. Chachiwiri chinali cha pamwamba chomwe, koma choimiritsa njinga. Anachigwira pang'ono n'kupukusa mutu. Pamwamba sankafunapo chilichonse.

"Madala, chatsala n'chakumbuyo," anatero Lameki. "Chimamangidwa pa buti, chili ndi mikono iwiri. Njinga imakolekedwa chiimire."

"Chiimire?"

"Chiimire, ngati mwaitsamiritsa pa mtengo. Mukatembenuka muli m'kati, ili pomwepo pa galasi."

Fanuel anayamba kunena kuti buti sizitsegukanso bwino, ndipo okwera a ku boda amakhala ndi katundu. Anayang'ana bambo ake akusisita mikono ya chitsulocho, n'kuvomera chomwecho. A Timoteyo analamula kuti mikonoyo ikulungidwe ndi malegeni kuti utoto wa njinga usakalike. Lameki anayang'ana njingayo, nayang'ana Fanuel, koma anakulungabe.

Ulendo wa ku boma a Timoteyo anakhala mpando wakumbuyo, dzanja lili pa galasi. Galimoto ikagunda bampu belu linkalira lokha kunjako, iwo n'kumati, "Ilipo." Kuchipatala anawachita opaleshoni diso limodzi, linalo anati lidikire ulendo wina. Atawamasula bandeji anaona nesi, anaona zenera, kenaka anaona mwamuna wa imvi ziwiri zitatu m'ndevu ataima pafupi ndi bedi, ndipo panapita kanthawi asanazindikire kuti ndi Fanuel.

Panja anaima kumbuyo kwa galimoto nthawi yaitali. Njinga imene ankaipukuta m'mawa uliwonse inalibe utoto ndi pang'ono pomwe. Inali yofiira ndi dzimbiri, chishalo chomangidwa ndi nsanza, masipoko ena opindika.

"Bwanji simunandiuze kuti yakalamba chonchi?"

"Inunso simunadzione, bambo."

Anaseka mpaka diso linatuluka misozi, Fanuel n'kumawakumbutsa kuti adokotala aletsa kulitikita. Analetsanso kupalasa mpaka diso litapola, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo a Timoteyo anamvera, ngakhale anamvera mwa njira yawo. Atafika pa mlatho wa matabwa kufupi ndi mudzi anauza Fanuel kuti aime. Anaitsitsa okha njingayo pa mikono ija, nayamba kuikankha wapansi, galimoto ikubwera pambuyo pawo pang'onopang'ono.

A Anasi anamva injini ali m'nyumba. Anamva kuti ikuyenda mwa pang'onopang'ono, monga inayendera tsiku la Esnart. Anakhala pa mphasa osafuna kusuzumira pakhomo. Ali chikhalire choncho anamva belu, kawiri, kenaka kamodzi, kaimbidwe kamene anakadziwa ali mtsikana.

Anatuluka akuyenda ngati woledzera. Amuna awo anali ataima pansi pa mango, chigamba choyera cha padiso atachikwezera pamphumi, akuwayang'anitsitsa ndi diso limodzi.

"Make Fanuel," anatero, "chitenje chimenecho ndinagula ndine, koma sindinadziwe kuti chili ndi maluwa."