Mendulo ya Malume Aang'ono

Chinali chitini cha fodya, ndipo pamene malume anachifukula pansi pa mtsuko wa madzi chinali chitafiira ngati katondo. Munali mamendulo awiri. Anawakwirira kalekale, anyamata a chipani atayamba kuyendayenda m'midzi ya kwa Maganga, poti pa mendulo iliyonse panali mutu wa mfumu ya azungu, ndipo masiku amenewo sunkadziwa chimene chingakupalamulitse. Chaka chimene anachifukulacho, mango atayamba kupsa, kunamveka zoti asilikali akale akufunika ku boma, akaime pamzere atavala mamendulo awo.

Mendulo imodzi inali yawo. Inayo inali ya mng'ono wawo, malume aang'ono, amene anapita nawo kunkhondo koma sanabwerere. Manda awo palibe anawaona. Chimene chinabwera ndi kachitsulo kameneka basi, ndipo m'mphepete mwake munali dzina lawo, tizilembo ting'onoting'ono ngati nyerere. Malume maso anali atachita ng'ala, choncho dzinalo ankaliwerenga ndi chala chachikulu. Ine ndinali Sitandade 2, kamtsikana konyada ndi sukulu, ndiye anandiitana kuti ndione ngati dzimbiri lasiyako kanthu. Ndinatchula chilembo chimodzichimodzi, iwo akugwedeza mutu. Zonse zinalipo.

Anayamba kutsuka yawo, ati dzanja liphunzirire pamenepo. Aphunzitsi, mlendo wochokera kumpoto amene ankakhala pafupi nafe, anatipatsa mswachi wakutha ndi timafuta ta makina osokera. "Pang'onopang'ono, bambo, musaikande," anatero. Ndiye masana aliwonse tinkakhala pakhonde, dontho la mafuta, munga wotokosera m'makwinya, kansalu kofewa. Mpaka lero fungo la mafuta amenewo limandibweretsera kulira kwa nyenje m'makutu. Koma ine zinkanditopetsa. Masiku n'kumapita, mendulo ili yakuda chikhalire!

Amayi ndiye zinkawatopetsa koposa. Amayi anga anali munthu woti pa poto wawo unkadziona nkhope, ndipo mkazi wa mapoto akuda sankamusiya osamunena. Kusukulu sanapondeko. Tsiku lina malume atapita kuchipatala kukaonetsa maso, ine ndili m'kalasi, anatenga mendulo ya mlongo wawo womwalirayo n'kupita nayo kunyanja pamodzi ndi mbale. Anaikwecha ndi mchenga, phulusa ndi ndimu. M'mphepete, momwe dzimbiri linakanirira m'timaenje, anakhula pamwala wonolera mipeni mpaka munasalala.

Sindiwaweruza. Ndikakumbukira m'mene anaibweretsera, atagwada, ataigwira ndi manja awiri, chimene chimandigwira ndi chisoni basi. "Mwana wa amayi asakaoneke wauve pagulu," anatero.

Inkawala mochititsa kaso. Malume anailandira, chala chija n'kuyamba ulendo wake m'mphepete. Chinazungulira kamodzi. Chinazunguliranso. Ine ndinasuzumira n'kuona kuti nyerere zija palibe, ndipo pakamwa ndinali nditatsegula kale kuti ndinene pamene dzanja lawo linalo linandigwira pabondo, mwamphamvu mpaka kuwawa.

"Mwatsuka bwino, mlongo wanga," anatero. "Mwamusambitsa."

Amayi anaseka, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Ku boma malume anavala onse awiri, yakuda ndi yowala, ndipo aliyense ankaloza yowalayo. Amayi anayenda ngati sakuponda pansi. Titabwerako malume mamendulowo anawakulunga m'kansalu kamafuta n'kuwapachika kudenga, kutali ndi chinyezi.

Mvula yonse ya chaka chimenecho, amayi akangopita kumunda wa mpunga, malume ankanditumiza kuti nditsitse kansalu kaja. "Tandiwerengera." Ndinkawauza kuti palibe chowerenga. "Werenga basi, iwe." Ndiye ndinkatchula pamtima, chilembo ndi chilembo monga tsiku loyamba lija, chala chawo chikutsata pa chitsulo chosalala. Ndikalumpha chimodzi, ankandibweza.

Amayi anamwalira osadziwa, ndipo dzinalo ndikhoza kulitchula lero ngakhale mutandidzutsa kutulo. Koma nthawi imeneyo ndinkangoti ndi masewera a munthu wosaona, mwinanso akufuna kudziwa ngati kusukulu ndimaphunziradi. Ndinkawerenga mothamanga kuti ndikasewere, osamvetsa chifukwa chake bambo wamkulu, amene anaona nkhondo, ankachita kupempha mwana kuti abwerezenso kamodzi.