Dzina la Maisie pa Fomu

Ngati mantha akumangani miyendo lero, imvani za Shauna Oldroyd wa kwathu kuno ku Grimsby.

Mwana wake wachitatu, Maisie, atabadwa, boma silinawonjezere ngakhale kakobiri. Lamulo linkati chithandizo cha ana chimathera pa awiri. Wachitatuyo kaya adye mphepo. Shauna ankadya zotsala m'mbale za ana, n'kutsirira tiyi.

Koma njala inali yabwinoko kusiyana ndi Darren, mwamuna wake. Foni ankasunga ndi iye, makalata ankatsegula ndi iye. Kiyi ikangolira pachitseko, ana ankasiya kuseka.

Tsiku lina kusikelo, nesi wachikulire, Mayi Cammack, anaona zipsera pamkono pa Shauna. Anatseka chitseko n'kumufunsa ngati mimba ya Maisie inabwera iye akufuna. Shauna anapukusa mutu.

Nesiyo anati mwana wobadwa mayi atachita kugwiriridwa, lamulo limamulola kulandira chithandizo ngakhale ali wachitatu. Koma pafunika kulemba dzina la mwanayo pa fomu, ndiponso mayi asakhalenso nyumba imodzi ndi mwamunayo.

"Akadziwa andipha, anesi," anatero Shauna.

"Nanga ukakhala, mwanawe, akusiya wamoyo?"

Fomuyo inatsala mu dirowa ya nesi, chifukwa kunyumba ikanaonedwa. Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse la sikelo Shauna ankabisa kanthu pansi pa matiresi a pulemu, kangolo kokankhira mwana: zikalata za ana, majuzi, nsapato. Zonse ankakasiya kwa Mayi Cammack.

"Mwanayu ukumuyeza ngati nsomba ya padoko bwanji?" Darren ankanyoza.

Ulendo womaliza, Darren, munthu wosathandizayo, anangoti lero anyamule pulemu pamasitepe. Anaima pakati.

"Kulemera chonchi?"

"Wanenepa," anayankha Shauna, chonsecho mwana anali nthiti zokhazokha. Darren anaseka n'kubwerera ku TV yake.

Masana amenewo Shauna anakatenga ana aakulu awiri aja kusukulu, ati akupita nawo kwa dokotala wa mano. Sanabwererenso. Kunyumba yobisalirako amayi othawa nkhanza, analemba dzina la Maisie pa fomu ija, misozi ikudontha.

Lamulo lofunsa mayi zoterozo ndimadana nalo, sindibisa. Koma Shauna anadutsa pomwepo. Lero amagwira ntchito kunyumba yobisalirako ija, ndipo amayi othawira kumeneko amawalandira ndi iye. Maisie, kiyi ikalira, amathamangira kuchitseko.

Inunso musadikire kuti mantha athe. Shauna anatuluka nawo manthawo, akuwakankha limodzi ndi pulemu. Osataya mtima, yambani ndi nsapato imodzi.