Mafuwa a amayi anakwera basi ya ku Mbinga

Ndinaganiza zochoka ku Mbamba Bay tsiku limene ndinakafunsa mtengo wa kiwanja, kamalo komangapo nyumba, kuseri kwa msika. Bambo wogulitsa malo uja anayamba wandiyang'ana kumapazi, kenako anatchula mtengo wake akuseka. Chifikireni msewu wa tara, ndiponso chiyambireni sitima kutsitsa katundu ku Ndumbi, dothi limene tinkasewerapo tili ana linasanduka la anthu a magalimoto. Ndinawathokoza bambowo, poti ndi mmene anandilerera, n'kubwerera kunyumba mtima ukuwawa.

Pamene tinkakhalapo sipanali pathu. Bambo anga anachokera kutsidya kwa nyanja, ku Malawi, ali mnyamata, kudzapha usipa. Anapita kwa Mzee Haule, mwini dera lija, atanyamula nkhuku ndi mowa, ndipo mkuluyo anawalozera malo. Malo a mlendo ali ndi lamulo lake kwathu kuja: ulime chinangwa koma usadzale mtengo wa zipatso, ndipo malowo ndi ako malinga ngati utsi ukutuluka panyumbapo. Moto ukazima nyengo yathunthu, malo abwerera kwa eni ake. Bambo anamwalira, Mzee Haule nawo anamwalira, ndipo ine ndinkayesa kuti lamulolo linapita nawo kumanda. Mwana wawo Deo ndinaphunzira naye kalasi imodzi. Ali khanda, mayi ake atagonekedwa kuchipatala ku Liuli, anayamwa bere la amayi anga.

Ndinakwera phiri kupita ku Mbinga, chifukwa anthu ankati kumeneko, kunja kwa tauni, munthu wamba akhozabe kugula nyumba. Ndinayamba ndi kusenza matumba a khofi, kenako ndinalowa ntchito m'sitolo ya simenti ndi malata, ndipo ndinkagona kuseri kwa sitoloyo. Kuzizira kwake sindinakuzolowere. Anzanga ankangonditchula kuti Mnyasa, kutanthauza munthu wa kunyanja, dzina langa la Yakobo osaligwira, ndipo akamaseka Chiswahili changa nanenso ndinkaseka nawo kuti asaganize kuti ndine wokwiya msanga. Lamlungu lililonse ndinkaimbira amayi pa foni ya mnansi wathu. Ndinkawauza kuti ndanenepa. Iwo ankati nawonso ali bwino, ngakhale ndinkamva kuti akutsokomola. Tonse tinkanamizana mwaulemu, foni n'kuduka, ine n'kutsala ndekha ndi matumba a simenti.

Patapita zaka ndinagula kanyumba ka zipinda ziwiri kwa mayi wina wamasiye amene ankasamukira kwa ana ake. Malata ake ndi adzimbiri, ndipo madzi timakatunga kutali, koma ndi kanga. Tsiku loyamba, ndisanasese n'komwe, ndinadzala mango pabwalo. Bambo anga anakhala moyo wawo wonse akudya mango a eni.

Kwathu nyumba yatsopano sulowamo mayi ako asanayatsemo moto woyamba. Ndinawapempha amayi kuti abwere. Anazengereza, akuti nyumba siisiyidwa yokha. Ndiye ndinamuimbira Deo, mwaulemu wonse, kumuuza kuti amayi achokapo masiku owerengeka.

"Apite akaone nyumba, m'bale wanga," anatero Deo. "Amayi ako ndi amayi anga. Ndiziyang'anirapo ndine."

Amayi anabwera, anayatsa moto, anapemphera, ndipo analira pang'ono ataona kamtengo ka mango kaja. Koma mphepo ya kuphiri inawalowa m'chifuwa. Anadwala chibayo, anagonekedwa, ndipo atatuluka analibe mphamvu zokwera basi yotsika m'makhota aja. Mvula inayamba, inatha, iwo ali kwa ine. Ndikamuimbira Deo ankati zonse zili bwino, n'kufunsanso ngati amayi akudya.

Tsiku limene tinatsikira ku Mbamba Bay, anthu anatilandira pa siteji ngati palibe kanthu. Amayi ena amene ankaimba kwaya ndi amayi anga anatigwira chanza, n'kundifunsa ngati ndawabweretsera khofi. Titakhota pa kanjira kathu, tinapeza mpanda wa malata. M'kati munali njerwa, mchenga ndi amisiri. Nyumba yathu anali ataisasula denga. Mphasa, mapoto ndi bokosi la bambo anali ataziunjika m'khitchini mwa mnansi wathu uja, yemwe uja ndinkaimbira pa foni yake Lamlungu lililonse. Deo anali atagulitsa malowo kwa munthu womanga nyumba yogona oyendetsa malole.

Ndinampeza atakhala pa njinga yamoto yatsopano. Sanachite n'komwe manyazi.

"Moto unazima, Yakobo. Lamuloli sindinaliike ndine."

"Unati uziyang'anirapo."

"Ndinayang'aniradi. Utsi sindinauone."

Amene anali pomwepo anaseka. Ndinangoti, "Unayamwa bere la amayi anga iwe." Anayang'ana kumbali, n'kuliza njinga yake.

Deo yekha sindimukwiyira kwambiri. Umbombo ndi umbombo. Amene amanditentha mtima mpaka lero ndi onse aja amene ankadutsa pakhomo pathu m'mawa uliwonse akupita kukagula nsomba. Lamulolo ankalidziwa. Kukanangofunika mwana mmodzi kulowa ndi chikuni, kuyatsa timasamba kuti utsi uoneke. Nambala yanga anali nayo, chifukwa pakagwa maliro kapena pakafunika chopereka cha tchalitchi ankandipeza msanga. Ndinakula ndikugwada popereka moni, ndikukumba nawo manda awo, ndikuganiza kuti ndikakhala wofatsa adzatiyesa awo. Iwo ankangodikira kuti utsi uleke.

Amayi sanakangane ndi munthu. Anakankha chitseko cha mpanda uja, anadutsa pakati pa amisiri osawapatsa moni, zimene sindinawaonepo akuchita chibadwire, n'kupita pamene panali khitchini yathu. Anafukula mafuwa awo atatu, miyala yakuda imene anaphikirapo kuyambira tsiku limene anakwatiwa, n'kuikulunga m'chitenje. Kapitawo wa amisiri anawafunsa ngati apempha kaye.

"Miyala iyi amuna anga anachita kuitola m'nyanja," anatero amayi. "Kapena nyanjanso mwagula?"

Sitinagone. Tinakwera basi yomweyo imene inatibweretsa. Kondakitala atanyamula mtolowo anafunsa ngati ku Mbinga kulibe miyala. Amayi anangomuuza kuti auike bwino, usagubuduzike.

Mafuwawo ali pabwalo panga tsopano, pafupi ndi mango uja, amene wandipitirira kale msinkhu. Amayi amadandaula za kuzizira tsiku lililonse, ndipo nsomba zouma za kuno amati n'zikuni. Mwezi watha wina wa kwathu kuja anaimba kuti akubwera kudzagulitsa usipa, ndiye akufuna pogona. Ndinamva pakamwa panga pakuyamba kunena kuti palibe vuto. Ndinatseka pakamwa, ndinapuma, n'kumuuza kuti akagone kunyumba yogona alendo imene Deo anabweretsa.